Chibwibwi Sichodula, Sichoseka

M'masewero ambiri omwe ana athu amaonera pa foni ndi m'nyumba zoonetsera kanema pa Kamwendo pano, wachibwibwi ntchito yake ndi imodzi: kuseketsa. Akangoyamba kudodoma, anthu n'kufa nalo phwete. Mawa lake nthabwala ija yalowa m'kalasi, ndipo mwana wodziwa yankho wasiya kukweza dzanja.

Kamera ikhoza kugwira ntchito ina. Ku America kuli waluso wina, JJJJJerome Ellis, yemwe amalemba dzina lake ndi ma J asanu chifukwa chibwibwi chimamugwira kwambiri pa dzina lakelo. M'chimbale chake cha 2021, The Clearing, sanadule malo omwe mawu amakakamira. Kwa iye kachetechete ameneyo ali ngati bwalo pakati pa nkhalango, pomwe wolankhula ndi womvera amadikira limodzi. Mu 2024 iye ndi anzake achibwibwi anakweza chikwangwani chachikulu ku New York, pa chionetsero cha Whitney Biennial, chonena kuti chibwibwi chimatha kupatsa anthu nthawi.

Ine ndikugwirizana nawo. Pa akuluakulu 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali ndi chibwibwi, ndipo ambiri ndi amuna. Sichibwera chifukwa cha umbuli kapena bodza. Munthuyo akudziwa chimene akufuna kunena. Chimene akusowa ndi womvera wosapupuluma.

Asilamufe nkhaniyi si yachilendo. Mu Surah Twaha, Mneneri Musa (mtendere ukhale pa iye) anapempha Allah kuti amasule mfundo ya lilime lake, ndipo mu Surah Zukhruf amene ananyoza kalankhulidwe kake ndi Farawo. Woseka wachibwibwi adzifunse kuti waima mbali ya yani. Hadith ya Mayi Aisha, yopezeka mwa Bukhari ndi Muslim, imaphunzitsa kuti wowerenga Qur'an modukizadukiza ndi movutika amalandira malipiro awiri.

Ena adzati kumumalizira mawu mwana wotere, kapena kusamusankha kuti alankhule pagulu, ndi chifundo. Koma mukamumalizira mumanena maganizo anu, osati ake, ndipo mukamubisa mwamuphunzitsa kuti mawu ake ndi ochititsa manyazi. Wofuna thandizo la achipatala athandizidwe ndithu, koma asadikire kuti lilime liwongoke kuti tiyambe kumumvera.

Choncho ophunzira, mukamajambula kanema wa mtsutso kapena wa sewero, musadule pomwe mnzanu wakakamira, ndipo musaikepo nyimbo zoseketsa. Makolo, musamukalipire kuti alankhule msanga. Muyang'aneni m'maso mpaka amalize. Akuluakulu a komiti ya mzikiti, pa mwambo wa madrasa mupatseni maikolofoni nayenso, ngakhale pulogalamu italike ndi mphindi ziwiri.

Pa 22 Okutobala dziko lonse limakumbukira tsiku la anthu achibwibwi. Chaka chino, wolankhula pa asembule tsiku limenelo akhale mmodzi wa iwo, ngati iye mwini afuna, ndipo tonse tidikire.