Anyamata athu aphunzire kupanga felemu ya njinga

Kale njinga za Eagle zinali kupangidwa pa Chipata pompa, ku Luangwa Industries. Lero felemu ikathyoka ndi matumba a cimanga ku Vubwi kapena ku Sinda, mlimi amangoiponya kuseri kwa nkhokwe.

Inu makolo, titumize anyamata akaphunzire nchitoyi. A Zambikes ku Lusaka anaonetsa kuti ngakhale nsungwi, zomwezi timalukira nkhokwe, zimapanga felemu yolimba.

Koma wophunzira asathamangire ndalama. Ayambire pa mafelemu akale kwa mmisiri woocherera pa Katete, adziwe kuyesa ndi kuongola asanagwire njinga ya mwini. Felemu yokhota imadya matayala. Yoocherera mwaulesi imaduka potsetsereka, amai odwala ali pa kaliyala kupita ku St Francis.