Chitupa cha Nsomba Chilipo, cha Mfuti Anachithetsa

Ife amene tinagwera kuno ku Indiana, ena potsata sukulu, ena ntchito, ena banja, tili ndi katundu mmodzi wofanana: chikwama cha mapepala. Lowani m'nyumba ya Mmalawi aliyense ku South Bend, ku Mishawaka kapena ku Elkhart, mukachipeza pansi pa bedi kapena pamwamba pa kabati, chotupa ngati chule wa m'dambo. M'menemo muli pasipoti, viza, makalata a kusukulu, khadi ya Social Security, laisensi ya galimoto, inshulansi, ndi malisiti ena oti tinaiwala kalekale kuti anali a chiyani koma tikuopa kuwataya. Dziko lino munthu sutsokomola popanda pepala. Tinazolowera, ndipo tinasiya kudandaula.

Ndiye tangoganizani mmene tinayang'anirana titamva kuti kuyambira pa 1 Julayi 2022, munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo, bola akhale kuti malamulo samuletsa kukhala ndi mfuti, atha kuika pisitolo m'chiuno n'kumayenda nayo m'tauni popanda chitupa chilichonse. Aphungu a ku Indianapolis anavomereza, bwanamkubwa Eric Holcomb anasaina pa 21 Malichi chaka chomwecho, nkhani inathera pomwepo. Mkulu wa apolisi a chigawo chonse, Doug Carter, anachita kupita yekha kukawauza aphunguwo kuti lamuloli liika anyamata ake pa moto. Sanamumvere. Nanga ngati anakana kumvera mwini yunifolomu, akanamvera ife osambitsa nkhalamba usiku? Ambiri mwa ife ngakhale voti tilibe. Tinangomvera pa wailesi ya m'galimoto tikuchokera ku shifiti, maso ali psuu ndi tulo.

Chimene chimatiwawa, abale anga, n'chakuti mapepala enawo sanawakhudze. Mukafuna kukawedza nsomba mumtsinje wa St. Joseph, kuti mwina mukumbukire chambo cha ku Mangochi, gulani kaye chitupa. Mlongo wathu akafuna ntchito yosamalira okalamba, aphunzire maola 105, alembe mayeso, dzina lake lilowe m'kaundula. Wofuna kukonza tsitsi la anthu mu saluni ndi chilolezo chonse, maola ake ndi 1,500. Mwana wathu asanapatsidwe laisensi ya galimoto, tiyenera kukhala naye pampando wa pambali maola 50, tikupemphera chamumtima, n'kulemba zonse papepala. Mowa sagula mpaka atakwana zaka 21, fodya chimodzimodzi. Koma chitsulo chotha kuzimitsa munthu kamodzi n'kamodzi, chimenecho ayi, nyamulani, watsoka ndi amene mwakumana naye. Kodi lumo la ometa ndi mfuti, choopsa kwambiri n'chiti?

Tisaname, chitupa chakalecho sichinali chovuta. Kuno ku Indiana sankakufunsa n'komwe ngati unaphunzirapo kuwombera. Unkalemba fomu, kudinda zala, apolisi n'kufufuza ngati unapalamulapo mlandu waukulu, basi. Ku Texas, kumene abale athu ena ali ku Dallas ndi ku Houston, kunali kokhwimirako: kalasi ya maola anayi kapena kuposa, kenako mayeso owombera. Nakonso anachotsa chikakamizo chimenecho pa 1 Seputembala 2021. Koma ngakhale chinali chopepuka, chinali kanthu. Wapolisi akaimitsa munthu n'kuona mfuti, ankatha kunena kuti tione chitupa, ndipo pompo ankadziwa ngati akulankhula ndi munthu amene boma linamuunikapo. Lero kungokhala ndi mfuti m'chiuno si mlandu, ndiye afunse chiyani? Ife ongoonerera ndiye tilibiretu pogwira. Timangoyang'ana jekete la munthu n'kumalosera ngati asing'anga.

Ndipo musaganize kuti ndi misala ya Indiana yokha. Vermont sinafunepo chitupa chiyambire. Alaska inatsatira mu 2003, Arizona mu 2010, kenako zinayamba kugwa ngati mango a m'Disembala. Pofika 2024 zigawo 29 mwa 50 zinali zitalowa m'gule ameneyu. Eni ake amati ufuluwu unalembedwa m'malamulo aakulu a dziko mu 1791, ndiye munthu sapempha chilolezo pa chinthu chimene ndi chake kale. Ife timangogwedeza mutu mwaulemu. Mu 1791 mfuti yake inali ya gogodela, yothira onga kukamwa, yoti ukawombera kamodzi mdani wako ali ndi nthawi yokatenga nkhuni, kuphika nsima n'kubwerera usanakonzeke kachiwiri.

Vuto lathu lina ndi kumene tinakulira. Kwathu mfuti tinkaiona ndi wapolisi pakhomo la banki, ndi msilikali pa perete, mwinanso ndi mlenje wokalamba amene mudzi wonse unkamudziwa. Munthu wamba kuti akhale nayo ankayenera kupita kupolisi kukapempha laisensi, ndipo ambiri mwa ife tinakula mpaka kumera imvi osaigwirako. Amene tinalipo mu Disembala 1993, pamene asilikali ankalanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, tikukumbukira mmene kulira kwa mfuti kunatilowetsera pansi pa mabedi ku Lilongwe. Mpaka lero timafotokozabe nkhani imeneyo ngati ya dzulo. Ndiye munthu woleredwa chonchi mumuike pamzere wa mugolosale, kutsogolo kwake kuli bambo wanyamula mkaka, buledi ndi pisitolo pa lamba, mukuganiza kuti mtima wake uchita chiyani? Timasiya ngolo pomwepo n'kukayamba kuwerenga mitengo ya zakudya za amphaka, chikhalirecho mphaka tilibe.

Apa ndiye pamene tinayamba kuphunzira makhalidwe atsopano. Ife a ku Blantyre, amene tinaphunzira kuyendetsa galimoto pakati pa maminibasi a ku Limbe, hutala inali chilankhulo chathu chachiwiri. Lero hutala ija inachita dzimbiri. Maloboti ayake obiriwira, wa kutsogolo ali pafoni, ife tili phee, manja pa chiwongolero ngati tili pa mapemphero a m'mawa. Wina akatidula mwachipongwe pamsewu wa Grape, ndife timakweza dzanja kupepesa. Amayi ena a kumpingo kwathu, amene kumudzi ankatha kuimitsa msika wonse chifukwa cha chenji cha K50, tsiku lina analandidwa malo oimika galimoto amene anawadikira mphindi khumi. Anatsitsa galasi, tonse tinagwira mtima, iwo n'kungoti Mulungu akudalitseni achimwene. Atafika kunyumba ndi pamene anatukwana, zitseko atakhoma, makatani atatseka.

Nyengo yozizira ndiye imatisokoneza mitu. M'chilimwe munthu wavala malaya opyapyala, diso limatha kuona ngati m'chiuno muli chotupa. Koma kuyambira Novembala mpaka Malichi, mphepo ya ku nyanja ya Michigan ikayamba kuluma, aliyense amavala jekete lonenepa ngati thumba la makala. Aliyense amaoneka kuti wanyamula. Agogo oyenda ndi ndodo, wanyamula. Mnyamata wobweretsa pitsa, wanyamula. Ndiye timapereka moni kwa aliyense, timatsegulira chitseko aliyense, timaseka nthabwala zimene sitinazimve n'komwe. Azungu a kuno amati Amalawi ndi anthu aulemu kwambiri, mtima wofunda wa Africa. Timangoti zikomo. Tiwauze bwanji kuti theka la ulemuwo ndi mantha?

Sabata yoyamba ya Julayi ndiye mayeso enieni. Eni dziko amakondwerera ufulu wawo pa 4, ife wathu pa 6, ndipo lamuloli linachita kusankha kuyamba pa 1, ngati kutiseka. Usiku wonse kumakhala phuu! phaa! Ife tili pakhonde ndi kanyenya, nyama ili pakamwa, kutafuna kwaima. Amenewo ndi makombola kapena? Pamakhala katswiri mmodzi pagulu, nthawi zambiri munthu woti sanaonepo mfuti ikulira, amene amafotokoza kuti makombola amalira mosalongosoka pamene mfuti imalira mwa dongosolo. Timamumvera, kuvomereza, kenako mmodzimmodzi timanyamula mbale kulowa m'nyumba, ati kunja kwayamba udzudzu.

Ena amati, nanga bwanji osagula yanu? Apa ndiye pali nthabwala yaikulu. Lamulo la boma lalikulu la ku Washington limaletsa munthu wa viza ya sukulu kapena ya ulendo kukhala ndi mfuti, kupatula pa zifukwa zochepa, ndipo chimodzi mwa izo, musaseke, ndi kukhala ndi chitupa cha ulenje. Amene mapepala ake anatha ndiye asayerekeze n'komwe kuikhudza, chifukwa akapezeka nayo ndi ndende, kenako ndege ya ku Chileka. Ufulu wopanda chitupawu, kwa ambiri a ife, umafunabe chitupa. Ndipo ngakhale amene ali ndi green card kapena anatenga unzika, amayamba adziyang'ana kaye pagalasi. Tonse tikukumbukira Philando Castile ku Minnesota mu Julayi 2016. Anali ndi chitupa, anamuuza yekha wapolisi kuti ali ndi mfuti, ndipo anawomberedwa ali pampando wa galimoto yake n'kumwalira. Khungu lathu ndi lomwelo. Ndiye wapolisi amene lero akuganiza kuti galimoto iliyonse ili ndi mfuti, akatiimitsa usiku tikuchokera ku ntchito, timayatsa getsi la m'kati, mawindo onse pansi, manja pa chiwongolero, zala zotambasula ngati tikuumitsa utoto wa m'zikhadabo. Laisensi timaiika kale poonekera tisananyamuke, kuti pasakhale chifukwa chopisa m'thumba.

Kunena chilungamo, anzathu okonda lamuloli sikuti alibe mfundo. Amati chigawenga sichinapiteko kupolisi kukadinda zala, ndiye chitupa chinkangovutitsa anthu abwino. Ndipo amatikumbutsa za ku Greenwood, kummwera kwa Indianapolis, kumene pa 17 Julayi 2022, patangotha masabata awiri lamuloli litayamba, munthu wina anayamba kuwombera anthu pamalo odyera mu mall n'kupha atatu, ndipo amene anamugwetsa anali mnyamata wa zaka 22 yemwe anangobwera kudzagula zinthu ali ndi pisitolo yake. Zimenezo zinachitikadi, ndipo anthu ambiri ali moyo chifukwa cha iye. Sititsutsa. Koma ife sitikhala mu mall tsiku la chigawenga lokha. Timakhala masiku ena onsewo, a anthu otopa, oledzera, okangana ndi akazi awo, olandidwa malo oimika galimoto. Munthu wabwino wa 8 koloko m'mawa si yemweyo wa 11 koloko usiku atamwa mabotolo asanu. Kumudzi ndewu ya pa bawo inkatha ndi diso lotupa ndi mbuzi ya kwa amfumu. Kuno imatha ndi gulu la WhatsApp losonkhetsa ndalama zotumizira maliro.

Chinanso chimene akuluakuluwo sanatiganizire ndi malire. Kuchoka ku South Bend kulowa Michigan ndi mphindi zochepa chabe. Ambiri timapita ku Niles kukagwira ntchito, ku Berrien Springs kukapemphera kapena kukaona ana ku Andrews University. Ku Michigan chitupa chikufunikabe. Ku Illinois, kumene timakalandira alendo pabwalo la ndege la O'Hare, ndiye kokhwima kuposa. Munthu yemweyo, mfuti yomweyo, jekete lomwelo: mbali ino ndi nzika yabwino, akangodutsa chikwangwani ndi wamlandu. Mapeto ake anthu akupitabe kukatenga chitupa chomwe chinathetsedwacho, poti boma likuperekabe kwa ofuna, kuti azitha kuwoloka nacho malire. Ndiye mukapatsa mnzanu wa kuntchito lifiti yopita ku Niles, mumayamba mwazungulira ngati mukufunsira mbeta. Achimwene, pepanitu, sikuti ndikukuganizirani zoipa, koma m'chikwamamo muli nkhomaliro yokha eti?

Ngakhale khonsolo ya mzinda wathu singatithandize, chifukwa lamulo la chigawo la 2011 linamanga manja makhonsolo onse pa nkhani ya mfuti. Masitolo akuluakulu ngati Walmart ndi Kroger anapempha makasitomala mu 2019 kuti asamalowe mfuti ili poonekera. Kupempha, osati kulamula. Chikwangwani cha pachitseko kuno chili ngati cha kwathu chija choti osakodza pano.

Pa misonkhano yathu ya Amalawi nkhaniyi timaikamba motsitsa mawu, ana akatuluka. Mwana wako akaitanidwa kukagona kwa mnzake wa kusukulu, umafunsa bwanji makolo ake ngati m'nyumbamo muli mfuti, ndipo ngati ili yokhomera? Ife tinaleredwa kuti kufunsa zotero n'kunyoza mwini nyumba. Ndiye timanama kuti mwanayo ali ndi chimfine. Ana athu ena akhala ndi chimfine Lachisanu lililonse kwa zaka zitatu.

Akumudzi akaimba foni sitiwauza zimenezi. Tingayambire pati? Iwo amaona zithunzi zathu pa Facebook titaima pa chipale chofewa, jekete latsopano, galimoto kumbuyo, n'kumati ana athu ali pabwino. Amayi amangofunsa ngati tikudya mokwanira, ndi ngati ndalama ya feteleza ifika mwezi uno. Timati ifika, amayi, musadandaule. Tikatero timadula foni, kutenga chikwama chathu cha mapepala, n'kuyamba kufufuza ngati chitupa cha nsomba chija sichinathe ntchito, chifukwa Loweruka tinapangana zopita kumtsinje, ndipo woyang'anira nyama zakutchire akakupeza ndi mbedza popanda pepala, faindi yake si yamasewera.