Mlendo ndi Mame

Makolo athu, amene ankalawira kumunda m'mapiri muno mwa Dedza udzu uli chinyowere, nabwerako dzuwa litauumitsa, anatisiyira mawu akuti mlendo ndi mame. Ndipo sananene chotero monyoza, pakuti iwo omwewo anatinso mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Kalumoko takaona ndi maso athu. Ansembe a mishoni ya ku Mua, imene inayamba mu 1902, anatsegula mu 1927 malo osamalirako akhate, anthu amene abale awo enieni ankaopa kudya nawo mbale imodzi. Pambuyo pake bungwe la LEPRA linagwira ntchitoyo m'dziko lonse, kufikira mu 1994 khate linaleka kuwerengedwa ngati mliri pakati pathu. Iye amene anakumba manda sabata ndi sabata m'zaka za m'ma 1990, naona makolo okalamba akuika ana awo, sangaiwale chaka cha 2004, pamene ma ARV anayamba kuperekedwa ulere ndi thandizo la Global Fund, ndipo amene tinawalira ali moyo anadzuka nagwiranso khasu. Mu 1992, mwa ana 1,000 obadwa, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu; pofika 2016 anatsika kufika pa 63. Pitani kusikelo ku Bembeke kapena ku Lobi, mukaone mlangizi wa zaumoyo atapachika sikelo yake panthambi, amayi ali pamzere m'chisanu, aliyense kabuku ka kuchipatala kali m'manja: ana amenewo ndiwo umboni. Wonena kuti thandizo la akunja silinapindule kanthu achimwira choonadi.

Koma tsono dzuwa linatuluka. Pa 20 January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake, bungwe la USAID linatsekedwa chaka chomwecho, ndipo antchito ambiri a zaumoyo olipidwa ndi mabungwe anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Mtima wanga unawawa, ndipo ukuwawabe, chifukwa wolangika si nduna kapena mlembi wamkulu, koma mayi wa kumudzi amene moyo wake uli m'kabotolo ka mankhwala.

Ngakhale zili chomwecho, sindingathe kuloza chala mlendo yekha, podziwa kuti ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa, ife tili momwemo, analonjeza kupatula K15 pa K100 iliyonse ya boma kuti ipite ku zaumoyo, lonjezo limene zaka zambiri sitilikwaniritsa. Podziwanso kuti mu 2013 chuma cha boma chinabedwa ku Capital Hill ndi ana a dziko lino, osati alendo. Misonkho timapereka, ngakhale mlimi wa kachewere amadula chiphaso pamsika. Aphungu athu a Dedza, pokakhala pansi kukambirana bajeti ku Lilongwe, ayambe afunsa za ndalama za mankhwala ndi malipiro a anamwino, zisanatchulidwe za magalimoto ndi maulendo a akuluakulu.