Chepetsani voliyumu, mumvele wilo

Ise a pa wailesi timakondwela ngati munthu wakweza voliyumu m'motoka. Koma pali kukweza kwina kumene tifuna kukukana lelo. Motoka yayamba kulila pansi, guuu, monga ndeke ili kutali, ndipo m'malo mofunsa kuti chavuta n'chiyani, woyendetsa atambasula dzanja na kukweza nyimbo. Chongo chija sichimvekanso, mtima wakhala pansi, ulendo upitiliza.

Tinachitako zimenezi na ise. Tinali paulendo wopita ku malilo ku Petauke, anthu asanu mu RAV4 yakale ya amalume. Kuchokela ku Lusaka motoka inali kung'ung'udza kumbuyo. Wina anati ni matayala, wina anati ni mseu chabe. Titapitilila mapili a Manenekela tinaima pa Luangwa kuti tigule nsomba, ndipo m'modzi wa ise anayandikitsa dzanja pakati pa wilo ya kumbuyo kumanzele. Panali potentha monga mbaula, pamene mawilo ena atatu anali ofunda chabe. Bearing inali itatha. Tinafika pa malilo tsiku lotsatila, thupi ataika kale.

Akulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Koma bearing ya wilo imaimba, nthawi zambili kwa masabata, isanagwetse munthu m'mavuto. Vuto lili na ise amene sitifuna kumvela.

Motoka zambili zimene achinyamata tigula ni zakale, zochokela ku Japan, zotsikila pa doko la Dar es Salaam na kulowela pa Nakonde. Zimafika zitayenda kale, ndiye tiziika pa miseu yathu. Bearing ni kachitsulo kozungulila kokhala na timipila kapena timigolo twachitsulo mkati, tosambila mu girisi. Ndiyo imanyamula kulemela kwa motoka pamene wilo izungulila. Adani ake ni atatu: kugunda, madzi na dothi. Dzenje lililonse limene tigunda pa liwilo lingasiye kachilonda pa chitsulo chosalala cha mkati. Nthawi ya mvula, pamene tidutsa m'madzi osefukila a ku Kanyama, madzi amapeza polowela ngati labala yotseka yatha, girisi imaonongeka ndipo dzimbili imayamba. Popeza tiyenda kumanzele kwa mseu, mawilo a kumanzele ndiwo amaponda m'mphepete modyeka mwa tala.

Manje tingadziwe bwanji kuti chongo ni cha bearing? Sipafunika kompyuta. Pafunika mseu wabata, mawindo otseka na wailesi yozima.

Choyamba, mvelani ngati chongo chitsatila liwilo la motoka kapena la injini. Bearing yakutha imalila kwambili pamene motoka ithamanga, olo musinthe giya. Mukachotsa phazi pa mafuta motoka n'kumayendabe, injini imatsika mau koma bearing siisintha nyimbo. Ndipo motoka ikaima, mukaponda mafuta, bearing siilila konse, chifukwa wilo siizungulila. Ngati chongo chimveka motoka ili chiimile, kafuneni ku injini kapena ku ekizozi.

Chachiwili, pa mseu wopanda motoka zina, pa liwilo lochepa, khotetsani pang'ono kumanja kenako kumanzele, mofatsa. Pokhota, kulemela kwa motoka kumapita ku mawilo a kunja kwa kona. Mukakhotela kumanja chongo n'kukula, kawilikawili wodwala ali kumanzele. Mukakhotela kumanzele n'kukula, muganizile kumanja. Ichi ni chizindikilo chabe, chifukwa chongo chimayenda m'zitsulo ndipo chimanamiza khutu. Ndiye chifukwa chake pali chachitatu.

Imikani motoka pamalo osalala, ikani miyala ku mawilo ena, ikwezeni na jeki ndipo muichilikize na chinthu cholimba. Musalowetse thupi pansi pa motoka yodalila jeki chabe. Gwilani tayala dzanja limodzi pamwamba lina pansi, muligwedeze. Ngati ligwedela, khwe khwe, bearing yatha kapena yamasuka, ngakhale kuti ball joint yakutha nayo imagwedeza motelo. Ngati ligwedela chabe mukagwila m'mbali, kutsogolo na kumbuyo kwa tayala, kawilikawili vuto lili ku tie rod. Kenako zungulizani wilo na dzanja limodzi, lina ligwile sipilingi. Bearing yabwino imayenda mwakachetechete. Yakutha imanjenjemeletsa sipilingi monga muli mchenga mkati. Dziwaninso kuti bearing ingathe kulila maningi koma osagwedela, choncho kusagwedela sikutanthauza kuti zonse zili bwino.

Pali zinthu zina zimene zimanamizila bearing. Matayala odyeka mosalingana, kapena aja a mano akulu a m'thengo, amang'ung'udza chimodzimodzi. Pitilizani dzanja pamwamba pa tayala. Ngati mumva mapili na zigwa, sinthanitsani matayala a kutsogolo na a kumbuyo. Chongo chikasamuka pamodzi na tayala, bearing ilibe mlandu. Chongo cha matayala chimasinthanso mukachoka pa tala wosalala kupita pa wokakala. CV joint yakutha imachita tha tha tha pokhota kona yothina. Diff yakutha imalila mosiyana mukaponda mafuta na mukachotsa phazi. Kutentha kwa wilo nako kungachokele ku buleki yomangika. Pa motoka zina, bearing yogwedela imayatsa nyale ya ABS, chifukwa sensa yowelenga liwilo la wilo imakhala pomwepo.

Tikamba zonsezi chifukwa ambili a ise timalipila makanika kuti alote. Tifika pa garaji, tikamba kuti motoka ilila, iye amvela pang'ono n'kutituma kukagula shock absorber. Chongo chikalibe kutha, atituma matayala. Pa ulendo wachitatu m'pamene akumbuka bearing, ndalama ya lendi itapita. Ife tiona kuti makanika amene akwela m'motoka, kuyenda na ise, kukweza mawilo onse anayi na kutionetsa na dzanja lathu pamene pagwedela, ayenela kulipidwa pa nchito imeneyo olo sanamasule nati iliyonse. Kupeza matenda ni nchito. Tikakana kulipila kupima, tidzalipila masipeya amene motoka siinafune.

Funsaninso mtundu wa bearing imene ili pa motoka yanu. Land Cruiser 80 series ili na ma bearing a kutsogolo amene amamasulidwa, kutsukidwa, kuikidwa girisi yatsopano na kumangidwa pa mlingo wake. Kugwedela pang'ono pa motoka yotele nthawi zina kumatha na kumanga bwino chabe. Koma pa RAV4 na CR-V ni zotsekelatu. Zikayamba kulila palibe girisi imene ingazichilitse, zifunika kusintha. Ndipo poika yatsopano, yofunika kukanikizidwa iikidwe na puresi. Tikaona munthu wanyamula hamala kuti aikhomele, tiziletsa pomwepo, chifukwa kugunda kumeneko kumasiya zilonda zomwe zija za m'maenje, bearing ikalibe kuyenda olo kilomita imodzi. Nati ya pakati nayo ili na mlingo wake womangila. Kuithina mopitilila kapena kuisiya yomasuka kumafupikitsa moyo wa bearing.

Wina adzati: ndalama ni yovuta, ndipo motoka ya neba yakhala ilila kuyambila chaka chatha koma ikali kuyenda. Zoona. Bearing siifa tsiku limene yayamba kulila, ndipo si onse angathamangile ku garaji mawa. Koma palibe amene adziwa tsiku lake. Ikafika pothela imatentha, ingagwile wilo kuti isazungulile, ingadye hub na zitsulo zozungulila, ndipo pa motoka zina wilo ingachoke. Nchito ya sipeya imodzi imasanduka ya masipeya anayi, kuonjezapo ndalama yokokela motoka. Ngati ndalama ikalibe kukwana, yendani pang'onopang'ono, m'tauni chabe, osanyamula katundu wolemela, ndipo ulendo wa ku Chipata, wa makilomita oposa 550, uyembekeze kapena mukwele basi. Ngati wilo yayamba kugwedela kapena kutentha, motoka iime.

SUV ya m'banja siikhala ya munthu m'modzi. Ndiyo imanyamula ambuya kupita ku chipatala, ana a neba kupita ku sukulu, kwaya kupita ku ukwati. Onsewo amakwela pokhulupilila kuti woyendetsa adziwa motoka yake. Ise tinaphonya kuika m'bale wathu m'manda chifukwa cha chongo chimene tinachimva tonse asanu tikalibe kutuluka mu Lusaka.

Mawa m'mawa popita ku nchito, zimitsani wailesi kwa mphindi zisanu, olo ikhale pulogilamu yathu. Tsekani mawindo, mumvele pansi pa motoka. Mukamva guuu amene akula na liwilo, pa Chiwelu kwezani mawilo.