Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: mwana wopanda pokhala asabwezedwe pasukulu

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ndikulemba m'malo mwa ana amene maina awo amangosowa m'kaundula teremu ili pakati: ana amasiye oleredwa ndi achibale, ana a m'malo osungirako ana, ndi aja ogona m'makonde a masitolo ku Limbe ndi ku Lilongwe.

Malamulo tili nawo. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, ndipo yunifolomu si yokakamiza. Lamulo la maphunziro la 2013 likuti mwana aliyense azipita kusukulu. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola kuti mwana wosowa womusamalira aleredwe m'banja lina. Komabe mwana wotereyu akaima pakhomo pa ofesi ya ahedi amafunsidwa kalata ya tiransifa, amafunsidwa kholo, amafunsidwanso ndalama ya chitukuko cha sukulu. Zonsezi alibe, basi amabwerera.

Mwana wamasiye sasamuka mwa kufuna kwake. Maliro akatha achibale amagawana ana. Chaka chino ali kwa agogo kumudzi, chaka chamawa amalume amutengera kutauni, mwina kuti akalere makanda awo. Pa chipwirikiti chotero ndani angakumbuke zokatenga kalata kusukulu? Akakhala wa Sitandade 8 ndiye zimapweteka kwambiri, chifukwa dzina lake la mayeso a MANEB latsala kusukulu yakale ndipo ndalama ya basi yobwererako palibe. Chaka chimatayika choncho, ndipo ambiri sabwereranso m'kalasi. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anaonjezera ana otere: anthu oposa 600,000 anasowa pokhala, makope anapita ndi madzi, sukulu zambiri zinasanduka makampu.

Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amaonjezera kangachepe ku banja limene ana ake ali pasukulu. Nzabwino ndithu. Koma thandizoli limafikira pakhomo, pamene mwana wogona pakhonde la sitolo alibe khomo. Ngakhale phala la Mary's Meals limadyedwa ndi mwana amene walembedwa kale.

Pempho langa silifuna ndalama zambiri. Lemberani masukulu onse kuti mwana wotereyu akabwera alembedwe tsiku lomwelo, alowe m'kalasi, mapepala azibwera pambuyo. Kufufuza kalata ya tiransifa ikhale ntchito ya ahedi awiri, a sukulu yakale ndi a sukulu yatsopano. Onse ali ndi foni. Mwanayu asafunsidwe ndalama iliyonse, ndipo dzina lake la mayeso lizimutsatira kumene wapita.

Chimene ndikuchilimbikira koposa ndi ichi: sukulu iliyonse ikhale ndi mphunzitsi mmodzi wodziwika woyang'anira ana amenewa. Mwana akajomba sabata yathunthu, iyeyo adziwitse amayi a mother group, amfumu ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Panopa m'kalasi la ana 100, mwana wopanda womufunsira akasowa palibe amene amazindikira, ndipo timadzamuona patapita miyezi akupempha pamsika.

A Nduna, chonde lamulo limeneli lifike m'masukulu teremu ikubwerayi isanayambe.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa pulayimale, Blantyre