KODI MUDZIWA? NSOMBA YA DZINA LAKUTI MAKO

Tiyerekeze kuti mwana wanu wabwerako ku sukulu nanena kuti: "Lero aphunzitsi atiphunzitsa za mako." Kodi simungathamangire kukathyola mkwapulo? Pakuti kwathu kuno mau awa amakhudza amai, ndipo mwana wamwambo sawachula wamba. Koma musafulumire kumlanga, cifukwa kuli nsomba imene dzina lace ndi lomwelo.

Mako ndi mtundu wa shaki, nsomba yolusa ya m'nyanja zazikulu za mcere. Ikakula kweni-kweni imafika mamita 4 m'litali, ndipo kulemera kwace kungapitirire makilogalamu 500. Mwa ashaki onse palibe waliwiro woiposa. Cinsinsi cace ncakuti thupi lace limasunga kutentha koposa madzi amene isambiramo, motero minofu yace imagwira nchito mwamphamvu pothamangitsa nsomba zinzace.

Nanga dzinali linacokera kuti? Eni ace ndi Amaori, anthu oyamba kukhala m'dziko la New Zealand. M'cinenero cao mau akuti mako atanthauza nsomba yomweyi, ndiponso dzino lace. Mano ace ngatali, osongoka ndi osalala, ndipo amaonekera ngakhale itatseka pakamwa. Amaori anali kubvala dzino lotere kukhutu monga cokometsera camtengo wapatali, ndipo linali kusungidwa m'banja monga cuma ca makolo. Mau ena a Amaori onena za ashaki ndi mangō, ndipo ku Hawaii amati manō. Onsewa ngapacibale, monga momwe mau ambiri a Cinyanja, Cinsenga ndi Citumbuka afananira. Dzinali linalembedwa m'buku lofotokoza cinenero ca Amaori la caka ca 1820, ndipo pambuyo pace linalowa m'Cingerezi.

Akatswiri nawo ali nalo dzina lao, lakuti Isurus oxyrinchus, limene linaperekedwa ndi Rafinesque mu 1810. Mau awa ndi a Cigiriki, ndipo anena za mcira wa nthambi ziwiri zolingana ndi mphuno yosongoka.

Tsono mvetsani kuti mako wa Amaori ndi mako wa kwathu alibe cibale ciriconse. Angofanana kamvekedwe cabe, monga anthu awiri acilendo ofanana nkhope.

Comvetsa cisoni ncakuti nsomba yamphamvu cotere iri kutha. Yaikazi imayamba kubala itafika zaka ngati 18, ndipo imakhala ndi pakati kopitirira caka cathunthu. Asodzi akaipha yambiri pofuna nyama ndi zipsepse zace, zotsalazo sizingathe kubwezera msanga. Ncifukwa cace mu 2019 maiko anagwirizana kuti malonda a nsombayi adziyang'aniridwa ndi malamulo.

Ife tiribe nyanja ya mcere, koma amene asodza mu Luangwa ndi m'madamu athu adziwa bwino cimene cimacitika pamene ukonde ukokolola ndi tiana tomwe. Ngati nyanja yaikulu ingathe kucepekedwa nsomba, nanga kamtsinje ka kwathu?

Tidzakumananso sabata ya mawa.