Namwino Nayenso Ali ndi Mtima

Pakati pa nthenda za ukalamba pali ina imene imatha nzeru za munthu pang'onopang'ono. Madokotala amaitcha dementia. Ife tingoti nthenda ya kuiŵala. Mtundu wake wofala kwambiri udatenga dzina la Alois Alzheimer, dokotala wa ku Germany amene adaufotokoza m'chaka cha 1906. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidaŵerengera kuti m'chaka cha 2021 odwala nthendayi anali 57 miliyoni. Umenewu si ufiti ai. Ndi ubongo umene ukuwonongeka, ndipo mankhwala ochiza nthenda ya Alzheimer sadapezekebe.

Mwezi uno tilingalire za namwino amene amasamala wodwala wotere m'chipatala. Wodwala malungo akachira amathokoza natsazika, mtima wa namwino nukhala pansi. Koma gogo wodwala nthenda ya kuiŵala sachira. Namwino amene adamsambitsa dzulo, lero ndi mlendo kwa iye. Gogoyo angathe kumlavulira phala, kumtukwana, kumnamizira kuti waba ndalama zake, ngakhale kummenya kumene. Dzuŵa likamaloŵa ambiri amasokonezeka koposa: amadzuka kufunafuna njira ya kwao, kapena kuitana mai ao amene adamwalira kalekale. Pamenepo nkuti odwala ena m'wodimo akudikira namwino yemweyo.

Namwino amadziŵa kuti zonsezi ichititsa ndi nthenda, komabe mau amalasa. Akapsa mtima amadziimba mlandu. Akadziletsa, mkwiyo amapita nawo kunyumba. M'kupita kwa miyezi tulo timasoŵa, mutu umaŵaŵa, chifundo chimazilala. M'chaka cha 2019 bungwe la WHO lidalongosola kuti kutheratu mphamvu kotere kumadza ndi kupanikizika kwa pa ntchito kumene kwakhalitsa kosapepuzidwa. Nkhanza kwa wodwala sitingaivomereze, koma tisathamangire kuŵeruza namwino aliyense wa nkhope yakugwa. Mwina wasenza katundu amene ife abale tidamtula.

Tsono inu makolo, mukagoneka gogo m'chipatala musazimirire. Sinthanani pomdikirira. Muuzeni namwino dzina limene gogoyo amakonda kuitanidwa nalo, chakudya chimene amachilandira, zimene zimamuwopsa, ndiponso nyimbo imene imamtonthoza, pakuti kaŵirikaŵiri nyimbo za paubwana zimatsala m'mutu zina zitafafanizika. Gogo akadandaula kuti waberedwa, yambani mwafufuza mofatsa musanaloze munthu chala. Ndipo inu amene muli ndi namwino m'banja mwanu, mlekeni agone akachoka ku ntchito ya usiku, ndipo akafuna kupepula mtima wake mtchereni khutu.

Inu anyamata ndi asungwana amene mukhumba unamwino, musaope ntchitoyi, koma muidziŵe bwino. Phunziranitu kuuza anzanu ndi akulu a pa ntchito pamene mwalema. Kunena kuti mwatopa si kufooka. Yambani lero kuleza mtima ndi agogo anu pamene akufunsani funso lomwelo kachisanu. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Gogo wathu sadzakumbukira dzina la amene adampukuta pakati pa usiku. Ife ndife tiyenera kulikumbukira, ndi kunena zikomo m'malo mwake.